Mpamba, Boma ndi Umunthu pa Msika wa Maramba

Sunthani mabukuwo mukhale apa pambali panga, tiyambe ndi liwu limene ndatola m'mawa uno pa msika wa Maramba kuno ku Livingstone. Ndinaima pa benchi la mayi wina wogulitsa kapenta, ndipo nditapempha mbasela anaseka n'kunena kuti, "Ayi atate, lero ndikakupatsani ndiye kuti ndadya kapito." Mnzake wapambali, amene lilime lake linandiuza kuti kwawo n'kummawa, kaya ku Katete kaya ku Chadiza, anathira ndemanga akupepeta nyemba: "Mpamba satapa, bambo." Chinthu chimodzi, maina awiri, lina lobwereka lina lathu. Ndabwera nawo onse pa desiki pano kuti tiwasende pang'onopang'ono, chifukwa m'kati mwawo muli mkangano umene unagawanitsa anthu a sosholizimu kwa zaka zoposa 150, ndipo tauni ino inalawako mbali zake zonse.

Kapito ndi capital wa Chingerezi atavala zovala zathu. Liwuli kwawo lili ndi nkhope ziwiri: limatanthauza ndalama zoyambira malonda, limatanthauzanso likulu la dziko. Livingstone amazidziwa zonse ziwiri, pakuti anali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935 pamene ulemuwo unasamukira ku Lusaka. Tsinde la liwuli ndi caput wa Chilatini, kutanthauza mutu. Mzinda waukulu ndi mutu wa dziko. Ndalama zimene munthu wakongoza ndi mutu wa ngongole, ndipo zoonjezera zimamera pa mutuwo. Ife zoonjezerazo tinazipatsa dzina laulemu kwambiri, chiwongoladzanja, ngati kuti wokongozayo dzanja lake linapindika potithandiza ndiye tikungoliwongola. Kuchokera ku tsinde lomwelo kunatulukanso cattle, ng'ombe, zimene zimawerengedwa mitu. Mtonga wa ku Kalomo kapena Mlozi wa ku Sesheke sangadabwe nazo zimenezi, poti kwa iye khola lakhala banki kuyambira kalekale.

Liwu lathu la chuma linayenda njira ina. Kwa Aswahili chuma ndi chitsulo, kwa Ashona chuma ndi mikanda, ndipo kwa makolo athu linali ndi fungo la zonse ziwiri: makasu ndi mikanda, zinthu zosaola zimene munthu akanatha kusinthanitsa ndi mchere, nsalu kapena mbuzi. Mpamba nawo uli ndi anzake kutali. Ku Rwanda impamba ndi chakudya cha paulendo, chimene ife timati kamba. Mukamva mawu awiriwa moyandikana mumayamba kuona mmene mayi wa kapenta amauonera mpamba wake: ndi kamba wa ulendo wa malonda, ndipo woudya ulendo usanathe amagona m'njira.

Apa ndiye pamene Karl Marx akanatigwira dzanja n'kutiuza kuti tisafulumire. M'buku lake la Das Kapital la 1867, kapito si mulu wa ndalama chabe. Ndi kakhalidwe kamene wina, pokhala ndi makina ndi malo, amagula mphamvu za mnzake, n'kumulipira zochepa kuposa zimene wapanga, zotsalazo n'kuzisandutsa mpamba wina wogulira mphamvu zinanso. Mwa muyeso umenewu mayi uja ali ndi mpamba koma si kapitolisti, poti thukuta limene amadyapo ndi lake lomwe. Chichewa chinafotokoza kale nkhaniyi m'mawu atatu: kudyera masuku pamutu. Wina wasenza dengu kuchokera kutchire, khosi likuwawa. Wina akuyenda pambuyo pake, akutola limodzilimodzi n'kumaponya m'kamwa. Onani kuti mutu uja wa Chilatini wabweranso, koma tsopano ndi mutu wa wosenza.

Pa masuku amenewa anthu onse a sosholizimu amagwirizana. Amasiyana pa funso lotsatira: kodi ndani amenye dzanja lotolalo? Ndiye tafika pa liwu lachiwiri.

Boma ndi liwu limene timalitchula tsiku lililonse mpaka kuiwala kuti ndi mlendo. Mudzamva ena akunena kuti zilembo zake zinayi ndi chidule cha mawu anayi a Chingerezi onena za ulamuliro wa Britain kunja kwa dziko lawo. Nthano yokoma, koma si yoona: liwuli linalipo m'Chiswahili atsamunda asanamange ofesi ndi imodzi yomwe, ndipo limatanthauza linga, mpanda wa mitengo kapena wa minga wotchingira anthu ndi ziweto. Azungu oyamba kulamula, pamodzi ndi asilikali ndi amtengatenga awo, ankamanga malinga otere pamene akhazikika. Choncho tanthauzo linakwera makwerero atatu. Poyamba boma linali mpanda. Kenako linakhala malo a mpandawo, n'chifukwa chake mpaka lero munthu wa ku Dedza kapena ku Lundazi amati "ndikupita ku boma" pamene akungopita kukagula feteleza. Pomaliza linakhala mphamvu ya anthu okhala m'kati mwa mpandawo, okhometsa msonkho ndi kumanga anthu.

Anansi athu kuno anasankha mosiyana. Atonga anabwereka liwu la azungu n'kulipinda kukhala mfwulumende. Ababemba amati ubuteko, kuchokera ku ukuteka, mneni amene amagwira ntchito polamula anthu ndiponso poweta ziweto. Alozi amati muuso, ndipo kulamula ndi ku busa, liwu limene khutu la Mchewa silingalimve osaganiza za m'busa ndi ndodo yake. Iwowa ulamuliro anautcha ndi mneni, chinthu chimene munthu amachita. Ife tinautcha ndi dzina la chomanga, chokhala ndi m'kati ndi kunja. Sindikunena kuti ndife anzeru kuposa anzathu. Ndikungoti liwu lathu limakumbukira kuti ambiri a ife tinaliona boma tili panja.

Ndipo m'kati mwa mpanda wa Livingstone munali ndani? Mpaka 1924 dziko lino silinkalamulidwa ndi mfumu ya Britain mwachindunji koma ndi kampani, British South Africa Company ya Cecil Rhodes, imene inalowa kudzera m'mapangano ndi Litunga Lewanika, mfumu ya Alozi, kuyambira 1890. Mlatho wa pa Mosi-oa-Tunya unatha mu 1905 kuti sitima zipite kumpoto kukatenga miyala ya mtengo wapatali. Zambezi Sawmills inkadula mikusi m'nkhalango za ku Mulobezi n'kuibweretsa kuno pa njanji yakeyake. Wokhometsa msonkho ndi wofuna phindu anali munthu mmodzi. Ngakhale ulamuliro utachoka m'manja mwake, kampaniyo inapitiriza kulandira ndalama pa mkuwa wonse wokumbidwa mpaka tsiku lomaliza ufulu wa 1964 usanabwere, pamene inalipidwa mapaundi 4 miliyoni kuti isiye. Marx ananena kuti boma ndi chida cha eni chuma; wonyamula matabwa pa siteshoni ya Livingstone sanafunike buku kuti adziwe zimenezo.

Tsono titani nawo mpandawo? Apa ndi pamene abale anasiyana mitima. Marx, ndipo pambuyo pake Lenin mu 1917, anati antchito aulande, authyole, amange wawo wotetezera chimene apambana. Ndipo Friedrich Engels analonjeza kuti magulu a olemera ndi osauka akadzatha, mpandawo udzafota wokha ngati mpanda wa udzu umene palibe akuukonza. Mikhail Bakunin anakana. Iye anati wantchito akangolowa m'linga n'kukhala pa mpando, amasiya kukhala wantchito, amayamba kuyang'ana anzake kuchokera pamwamba. Choncho linga liwotchedwe tsiku lomwelo, anthu adzilamulire m'magulu awo ang'onoang'ono. Mkanganowo unafika poti mu 1872, pa msonkhano wa ku The Hague, Bakunin anachotsedwa m'bungwe la antchito a m'maiko osiyanasiyana. Panalinso gulu lachitatu, la Eduard Bernstein ku Germany ndi a Fabian Society ku Britain, lonena kuti mpanda uli ndi chipata, ndipo kiyi wake ndi voti: lowani mwamtendere, konzani malamulo chaka ndi chaka. Atsogoleri ambiri a ufulu m'maiko olamulidwa ndi Britain anayamba kumva za sosholizimu kwa gulu lachitatuli, ndipo Kenneth Kaunda mwiniwake anakacheza ku Britain mu 1957 ngati mlendo wa chipani cha Labour.

Liwu lakuti sosholizimu likuchokera ku socius, Chilatini cha mnzako wa paulendo kapena pankhondo. Komuredi, kapena kamarada monga ankanenera a FRELIMO ku Tete ndi ku Niassa, poyamba anali munthu wogona naye chipinda chimodzi. Koma taonani chodabwitsa cha liwu lathu. Timati mnzanga, mnzako, mnzake, anzathu, anzanu, anzawo. Yesani kulitchula lopanda mwini, muona kuti lilime likukana. M'Chichewa mulibe mnzake wongoyandama, wa aliyense. Ubwenzi umafuna nkhope ziwiri zodziwana. Funso limene linavutitsa maiko athu atalandira ufulu linali lakuti kodi mtundu wonse wa anthu mamiliyoni, osadziwana, ungasanduke anzathu mwa lamulo.

Chaka cha 1967 chinabala mayankho awiri oyandikana. Ku Tanzania, mu February, Julius Nyerere analengeza mfundo za ku Arusha pansi pa dzina la ujamaa, lochokera ku jamaa, abale a banja limodzi. Ku Zambia chipani cha UNIP chinalandira Humanism ya Kaunda, imene ife tingaitche umunthu popanda kutaya kanthu. Onse awiri ankati Afirika safunika kuphunzira kugawana kwa Mzungu, poti mudzi unkachita kale zimenezo: dima, kulimirana, mlendo kudya nawo m'mbale imodzi. Kaunda, mwana wa mphunzitsi wa mishoni wochokera ku Nyasaland, wobadwira ku Lubwa mu 1924, anasakaniza mudziwo ndi Baibulo ndi Gandhi. Ku Mozambique, Samora Machel ndi FRELIMO anasankha njira ya Marx ndi Lenin poyera mu 1977, ndipo mafumu ndi miyambo anaziona ngati zotsalira zofunika kusesa. Ku Malawi Kamuzu Banda sankafuna kumva ndi fungo lomwe la zimenezi. Attati Mpakati, mtsogoleri wa gulu la sosholizimu la Amalawi othawira kunja, anaphedwa ku Harare mu 1983.

Tiyeni tiuyale umunthu pa desiki, tiupatule. Tsinde ndi -nthu, ndipo ndi lomwelo limene lili m'chinthu, kanthu ndi zinthu. Chimene chimasiyanitsa munthu ndi chinthu m'chilankhulo chathu ndi kamphatikiri kakang'ono ka kumayambiriro, mu- kapena chi-. Ndimaona ngati mlandu wonse umene Marx ankaimba mafakitale a ku Manchester ungalowe m'kachidutswa kameneka: kuti msika umachotsa mu- pa wantchito n'kuikapo chi-, kumusandutsa katundu wokhala ndi mtengo. Kenako pamabwera u-, mphatikiri wa ufumu, ubale, ulesi ndi umphawi. Atonga amati buntu, Alozi amati butu, kulumikiza mphatikiri wawo ku tsinde mwachindunji. Ife tinasiya mu- m'kati, u-mu-nthu, munthu wathunthu ali chikhalire pakati pa liwu. Ndipo u- yemweyo ndi amene ali pa ufa, uchi ndi udzu, zinthu zosawerengeka chimodzichimodzi koma zotha kuchuluka, kuchepa, ngakhale kutheratu.

Ichi ndicho chimandichititsa chidwi kwambiri. Sitinena kuti aliyense wobadwa ali ndi umunthu monga ali ndi mphuno. Timati uje ali ndi umunthu, uje alibe. Wothandiza pa maliro timati "ameneyu ndi munthu," ngati kuti nkhaniyo inali yokayikitsa. Wankhanza timati si munthu, n'chirombo. Peter Kropotkin, m'buku lake la 1902 lonena za kuthandizana, anaphunzitsa kuti mtima wogwirizana ndi wachibadwa mwa anthu ndi nyama, ndipo boma ndi limene limauononga. Marx mu 1845 analemba kuti chibadwa cha munthu si mbewu yobisika m'kati mwake koma chimaumbidwa ndi maubale amene akukhalamo. Sinthani maubalewo, munthu asintha. Mwambi wathu wakuti kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu umaima pafupi ndi Marx kuposa mmene alaliki ambiri angafunire. Koma chilankhulo chathu chimaonjezera chimene onse awiri sanachilabadire kwenikweni: umunthu amakupatsa ndi anzako okuona, ndipo akhoza kukulanda. Ndi chigamulo cha pabwalo, chimene chimaperekedwa mwatsopano tsiku lililonse.

Kaunda anafuna kuutenga umunthu pabwalo n'kuulowetsa m'boma. Mu April 1968 ku Mulungushi analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 aliwonse m'makampani akuluakulu oposa 20, ndipo Zambezi Sawmills ya kuno inali m'gululo. Mu August 1969 ku Matero inafika nthawi ya migodi. INDECO, kenako ZIMCO, zinakhala nkhokwe zazikulu za dziko. Mu 1975 malo onse anaikidwa m'manja mwa Pulezidenti, eni mapepala a umwini wamuyaya n'kusanduka obwereka kwa zaka 100. Livingstone anapindula nazo poyamba: fakitale yolumikiza magalimoto a Fiat inatsegulidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, panali ya mawailesi ya Supersonic, panali zosoka zovala ndi zoluka mabulangete, ndipo m'mawa misewu yochokera ku Libuyu, Linda ndi Dambwa inkadzaza njinga. Tisaiwalenso kuti dziko limene pa ufulu linali ndi omaliza yunivesite pafupifupi 100 okha linatsegula yunivesite yake mu 1966, ndipo mwana wa mlimi ankaphunzira ndi kuchiritsidwa osalipira. Amene amanyoza nthawi imeneyo kawirikawiri amanyoza ndi Chingerezi chimene anachiphunzira ulere.

Koma mverani chimene chinachitikira liwu lakuti mwini. Kwathu mwini mbumba sangagulitse alongo ake, mwini mudzi sanganyamule mudzi kupita nawo; mwini ndi woyang'anira, amene mlandu ukagwa amafunsidwa ndi iye. Boma litati katundu ndi wa anthu onse, anthuwo anayang'ana uku ndi uku osaona nkhope yoti aifunse, ndipo anapeka mawu amene ali moyo mpaka lero ku Zambia ndi ku Malawi komwe: "n'za boma izi." Tanthauzo lake si lakuti ndi zathu tonse. Ndi lakuti zilibe mwini, tapa usaope. Panabadwanso liwu lina, apamwamba, lonena mabwana a chipani ndi a makampani a boma, odutsa pa mzere wa shuga ndi saladi pa masitolo a boma a ZCBC kapena NIEC n'kukalowera khomo lakumbuyo. Bakunin anali atamwalira zaka pafupifupi 100 m'mbuyomo, koma liwu limenelo likanamuseketsa.

Amalawi ali ndi chenjezo lakale pa nkhani yotere. Kuthangata ndi kuthandiza, ndipo thangata poyamba linali thandizo limene munthu ankapereka m'munda mwa mfumu kapena mnansi. Eni minda ya ku Shire Highlands analitola liwulo n'kulisandutsa ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, imodzi mwa nkhanza zimene zinadzutsa John Chilembwe mu 1915. Liwu la chifundo likalowa m'linga limatuluka litanyamula chikoti. Umunthu wa Kaunda sunafike pamenepo, ndipo kunena zoona unali wofatsa poyerekeza ndi midzi yokakamiza ya ku Tanzania ndi ku Mozambique. Komabe mu December 1972 zipani zina zinaletsedwa, ndipo mu June 1973 ku Choma, m'chigawo chino chimene chinali linga la Harry Nkumbula, mtsogoleri wotsutsayo analowa m'UNIP. Kuyambira pamenepo chipata cha Bernstein chinali ndi kiyi mmodzi. Pamene ena m'chipani anafuna kubweretsa m'sukulu sosholizimu ya Marx, imene ankaitcha ya sayansi, mipingo ya Katolika, ya Christian Council ndi ya Evangelical Fellowship inalemba kalata imodzi mu 1979 yokana, ponena kuti munthu sangafotokozedwe ndi chuma chokha. Unali mkangano wa anthu awiri olimbirana liwu limodzi, aliyense akuti umunthu weniweni ndi wake.

Zotsalazo zinayenda mofulumira. Malire a pa mlatho anatsekedwa mu January 1973 pa mkangano ndi Ian Smith, wolamulira tsidya linalo, ndipo sitima za katundu wa Zambia sizinabwerere mokwanira pa njira ya kummwera mpaka 1978. Tauni ya pachipata inasanduka tauni ya kumathero a msewu. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975. Ufa utakwera mtengo, anthu anachita zipolowe ku Copperbelt mu December 1986 ndi ku Lusaka mu June 1990. Mu October 1991 Frederick Chiluba anapambana, ndipo chodabwitsa n'chakuti iyeyu amene anayamba kugulitsa makampani a boma kuyambira 1992 anali mtsogoleri wa mabungwe a antchito, yemwe Kaunda anam'tsekera m'ndende mu 1981. Salaula, amene ku Malawi amati kaunjika, anamaliza mafakitale a zovala. Mutu wachiwiri wa Livingstone, mpamba uja, unatsatira woyamba. Ndipo boma la Michael Sata litalowa mu 2011, ngakhale ulikulu wa chigawo unapita ku Choma. Lero pa zikwangwani tauni ino imatchedwa likulu la zokopa alendo, ndipo mpamba waukulu uli m'mahotela a m'mbali mwa Zambezi. Dzina la sosholizimu linabwereranso pa pepala lovotera mu 2021 ndi chipani cha Fred M'membe, koma mavoti ake anali ochepa.

Ndisanachoke pa msika m'mawa muja ndinaona mtsikana akuzungulira mabenchi ndi kope la sukulu lopindika m'makona. Pa benchi lililonse mayi ankamasula mfundo ya chitenje, kupereka ndalama, mtsikanayo n'kuchonga dzina. Ndi chilimba, chimene ku Lilongwe amati chipereganyu: onse amasonkha, mmodzi amatenga zonse, mawa wina. Khutu langa limamvamo kulimba, ngakhale liwulo ndi lofala kwambiri pakati pa Ababemba. Dzina la ku Malawi lili ndi ganyu m'kati mwake, amene amati anachokera ku ganho wa Chipwitikizi, phindu. Mulibe sitampa ya boma m'kope limenelo, mulibenso chiwongoladzanja. Ndinafunsa mayi wa kapenta kuti amatani munthu akalandira gawo lake n'kusiya kusonkha.

"Timapita kunyumba kwake tonse, atate, n'kukhala pakhonde. Sitilankhula zambiri."

"Akapanda kubweza?"

Anathira kapenta m'pepala, n'kupinda m'mphepete mwake ndi chala chachikulu. "Analipo wina chaka chatha. Benchi lake ndi ilo, akugulitsapo tomato mlamu wake. Mwiniwake amadutsira kuseri kwa zimbudzi akamabwera kudzagula ndiwo."